Kapenta amayamba alawa, nanga nkhani za mankhwala?

Mai amene apita kukagula kapenta pa City Market sanamizika wamba. Amatapa pang'ono m'dzanja, kununkhiza, kulawa kamodzi kuti amve ngati muli mcenga, ndipo amafunsa ngati ndi wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu. Akafika pa salaula amatambasula diresi, kuliyang'ana ku dzuwa ndi kufufuza m'khwapa ndi m'mipendero. Wogulitsa angalumbire motani, ndalama sizicoka pa mfundo ya citenje mai uja asanakhutire yekha.

Koma mai yemweyo potulukira ku Lumumba Road amalandira kapepala kwa mnyamata woima pa njira. Kapepalako kakunena za dotolo wocokera kutali amene akuti aciritsa shuga, BP, kusabereka ndi kucepa kwa mphamvu za abambo, ndiponso abweza mwamuna wothawa banja. Ali m'basi ya ku Kabwata foni yake ilira: mlamu wake watumiza mau pa WhatsApp onena kuti katemera wina akupha ana. Izi sazinunkhiza ndipo sazilawa. Amafika nazo kunyumba monga momwe wazilandirira, madzulo n'kuzigawira banja lonse pa nsima.

Bvutoli si la azimai okha, ndipo si la anthu osaphunzira. Bwana wa ku Kabulonga amene sangagule galimoto asanaitane makanika, amatumiza kwa anzake a pa ofesi kanema wa munthu wobvala jasi loyera wonena kuti ndimu ndi madzi otentha zithetsa kansa. Kusiyana n'kwakuti bodza la ku Kabulonga ndi ku Woodlands limabwera m'Cingerezi cosalala, pamene la ku Kanyama limabwera m'Cinyanja kapena m'Cibemba. Popeza anchito a m'nyumba za mabwanawo amadutsa m'tauni m'mawa ndi madzulo, mabodza awiriwa amakumana pa siteshoni ya mabasi ndi kupatsana malo.

Kale mphekesera zinali kuyenda ndi miyendo

Pamene msika wa City Market unatsegulidwa mu 1997, njira zimene nkhani zinali kudzera zinali zowerengeka. Kunali wailesi ya ZNBC youlutsa m'zilankhulo 7 za m'dziko muno, wailesi ya kanema ya boma, manyuzipepala a Times of Zambia, Zambia Daily Mail ndi The Post, ndiponso Radio Phoenix imene inali itangoyamba mu 1996. Mphekesera zinalipo, pakuti pa msika sizisowa, koma kuti mphekesera icoke ku Soweto kufika ku Chelstone inafunika munthu woinyamula ndi ndalama ya basi.

Lero aliyense wokhala ndi foni ya intaneti ali ndi nyumba yake ya wailesi m'thumba. Palibe mkonzi womufunsa kumene wazitenga, palibe womuuza kuti ayambe wadikira. Mu Febuluwale 2020 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linacenjeza kuti pambali pa mliri wa COVID-19 panabuka mliri wina, wa nkhani zocuruka zosakanizika zoona ndi zabodza. A mu Lusaka mwezi womwewo anali kuziona ndi maso. Nkhani za anthu opopera gasi m'nyumba, zimene zinayambira ku Chingola, zinafalikira pa mafoni, ndipo magulu a anthu okwiya anayamba kugwira aliyense wosadziwika m'komboni. Pofika mwezi wa Malichi anthu pafupi-fupi 50 anali ataphedwa motero, osafika ku khoti.

Komabe kungakhale kulakwa kuika mlandu wonse pa foni. Cinyengo cimodzi cokumbukika kwambiri pa nkhani za mankhwala m'dziko muno cinacitika WhatsApp kulibe, ndipo amene anali kucikweza anali mwini wa nyuzipepala.

Mankhwala a Edzi amene anali a m'dziwe losambiramo

Mu 2007 kunachuka mankhwala ochedwa Tetrasil. Mwini wa nyuzipepala ina, mogwirizana ndi munthu wina wa ku America, anali kulengeza kuti mankhwalawa aciritsa Edzi. Boma litawapima, katswiri wa mankhwala a HIV ku unduna wa za umoyo, Dr Albert Mwango, anauza aphungu a nyumba ya malamulo kuti Tetrasil ndi mankhwala oyeretsera madzi a m'maiwe osambiramo. Boma linawaletsa. Cowawa n'cakuti panthawiyo ma ARV anali kuperekedwa kale ulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2005. Anthu anali kukopedwa kuti asiye mankhwala aulere ogwira nchito, akagule ndi ndalama zao cinthu cosayenera kulowa m'thupi la munthu.

N'cifukwa ciani anthu anzeru zao amagwa m'mbuna yotere? Cida cacikulu ca ogulitsa ndi umboni. Pa wailesi kapena pa kanema amabweretsa munthu wonenepa bwino, khungu losalala, amene akuti anali ndi kacirombo koma tsopano wacira. Kawiri-kawiri munthuyo sanama mwadala. Ngati wakhala akumwa ma ARV mokhulupirika kwa zaka, kacirombo kamacepa m'magazi mpaka makina osakapeza, ndipo thupi limabwerera. Akasiya lero, mawa sagwa. Sabata imeneyo ndiyo imene amamujambula. Koma kacirombo sikanathe, kanangobisala. Patapita masabata owerengeka kamayambanso kuswana, ndipo nthawi zina kamabwerera katazolowera mankhwala akale kotero kuti safikanso pokagonjetsa. Pa mwezi wacisanu ndi cimodzi, munthu uja atagonekedwa ku UTH, palibe amene amapitanso ndi maikolofoni kukamufunsa mmene akumvera.

Womvera wailesi ayeneranso kudziwa kuti si mau onse oturuka m'wailesi amene ali nkhani. Nyumba za wailesi zimagulitsa nthawi. Munthu wa mankhwala angathe kugula theka la ola, ndipo amene akumufunsa mafunso angakhale muulutsi yemwe uja amene anawerenga nkhani masana. Mau ndi omwewo, koma nchito yasintha: masana anali mtolankhani, madzulo akuthandiza kugulitsa. Cimodzi-modzi m'nyuzipepala, tsamba lolipiridwa nthawi zina limakonzedwa kuti lioneke ngati nkhani wamba.

Lamulo lilipo. Lamulo la mankhwala la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la ZAMRA, ndipo liletsa kugulitsa kapena kulengeza mankhwala amene bungweli silinawabvomereze. Mankhwala a zitsamba oikidwa m'mabotolo ndi m'mapaketi nawonso ali pansi pa lamuloli. Izi sizitanthauza kuti sing'anga aliyense ndi wakuba. Bungwe la asing'anga la THPAZ nalo lakhala likudandaula za onyenga amene aipitsa dzina la nchito yao. Koma botolo limodzi loti liciritsa matenda khumi osiyana, lopanda dzina la amene analipanga ndi tsiku lothera mphamvu, ndi kapenta wa mcenga basi, ngakhale wogulitsa wake abvale tayi.

Kolera sapereka nthawi yoyesa-yesa

Ngati bodza la Edzi limapha pang'ono-pang'ono, bodza la kolera limapha tsiku lomwelo. Matendawa si acilendo. Mu 1991, 1992 ndi 1999 anadwalitsa anthu opitirira 10,000 caka ciri conse m'dziko muno. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 m'komboni ya Chipata ndi kufika ku Kanyama unagwira anthu opitirira 5,000 mu Lusaka mokha, ndipo pofika mwezi wa Mei 2018 anthu 98 a mumzindawu anali atamwalira. Amalonda a m'tauni sanaiwale Januwale wa 2018, pamene asilikali anadzaza m'miseu, ogulitsa m'mbali mwa miseu anacotsedwa, misika inatsekedwa kuti itsukidwe ndipo bwalo la Heroes Stadium linasanduka cipatala. Kwa a pa City Market linali tsoka laciwiri, pakuti msika wao unali utapsa ndi moto pa 4 Julai 2017.

Mliri umene unayamba mu Okutobala 2023 unaposa pamenepo. Anthu opitirira 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Ambiri mwa omwalirawo anafera kunyumba kapena panjira, asanafike m'manja mwa anamwino. Apa ndi pamene nkhani ya mauthenga ikhudzana ndi maliro, cifukwa wodwala kolera akalandira cithandizo msanga, mwa anthu 100 amene amwalira safika ndi mmodzi yemwe.

Cimene cimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Tizirombo ta kolera timalowa ndi madzi kapena cakudya cimene cakhudzana ndi cimbudzi ca munthu. Zizindikiro zimayamba pakati pa maola 12 ndi masiku 5. Wodwala kwambiri amatsegula m'mimba madzi okha-okha ooneka ngati otsukira mpunga, amasanza, maso amalowa m'kati, ndipo munthu wamkulu wamphamvu zake angathe kufa pa maola owerengeka. Conco ola liri lonse limene banja likutha poyesa cimene lamva pa foni ndi ola locotsedwa pa moyo wa wodwalayo.

Ofufuza a bungwe la CIDRZ ndi anzao anaceza ndi anthu a m'makomboni atatu a mu Lusaka pa nkhani ya katemera, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2018. Ambiri anali kuulandira bwino katemera. Koma ena anali kudalira mankhwala acikuda, mapemphero kapena mowa waukali m'malo mwake, ndipo ena anali kuopa kuti katemera ali ndi za usatana. Za mowazi zimamveka nthawi iri yonse ya mliri, maka-maka kwa azibambo, kuti wakumwa kacasu kolera samugwira. Kunena zoona n'zokoma kuzimva, ndiye cifukwa cake zimayenda msanga. Koma kacasu satsuka matumbo, ndipo mowa umaonjezera kucotsa madzi m'thupi limene likusowa kale madzi. Pemphero nalo palibe woliletsa, koma lingathe kucitika wodwala ali m'galimoto yopita ku kiliniki.

Mafunso a pa msika

Zimene akatswiri amaphunzitsa pa kusanthula nkhani za pa wailesi, m'nyuzipepala ndi pa intaneti sizisiyana kweni-kweni ndi zimene mai wa kapenta uja adziwa kale. Funso lake loyamba ndi lakuti katunduyu wacokera kuti. Uthenga wa zaumoyo woona umakhala ndi mwini wake: unduna wa za umoyo, bungwe la ZNPHI loona za miliri, khonsolo ya mzinda, kapena dotolo wochulidwa dzina ndi cipatala cimene agwirako nchito. Mau ojambulidwa oyamba ndi kuti nesi wina wa ku UTH wanena, popanda dzina, popanda tsiku, alibe mwini. Kuti watumiza ndi mlamu kapena mkulu wa mpingo sikusintha kanthu, pakuti nayenso wangolandira kwa wina. Pa WhatsApp uthenga umene wadutsa m'manja ambiri umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba pake. Timivi timeneto tionetsa kuti wayenda kwambiri, osati kuti ndi woona.

Tsiku nalo n'lofunika. Cithunzi ca odwala ogona pansi cingakhale ca mu 2018 kapena ca dziko lina, n'kubweranso lero ngati ca ku Matero. Cikalata cokhala ndi cizindikiro ca boma cingapangidwe pa kompyuta ndi mwana wa sukulu. Ngati unduna watsekadi masukulu kapena waletsa mankhwala ena, nkhaniyo imamveka pa nkhani za ZNBC ndi nyumba zina za wailesi tsiku lomwelo. Ikakhala pa foni pokha mpaka mawa lake, pali cokaikitsa.

Funso laciwiri ndi la phindu. Wogulitsa tomato sanganene kuti tomato wake ndi wowola, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Momwemonso uthenga umene umathera pa nambala ya foni ndi mtengo wa botolo ndi malonda, uyenera kumvedwa ngati malonda. Ena sagulitsa botolo koma amapindula ndi kucuruka kwa anthu oonera makanema ao pa Facebook, TikTok ndi YouTube, ndipo adziwa kuti nkhani yoopsa imakoka anthu kuposa yonena za kusamba m'manja. N'cifukwa cake uthenga wabodza umakonda kufulumizitsa munthu kuti autumize kwa onse asanaufafanize. Wogulitsa amene salola kasitomala kutembenuza nsomba amadziwa cimene ciri kunsi kwake.

Koma funso lolemera koposa pa nkhani za umoyo ndi ili: kodi uthengawu ukuuza munthu kuti asiye ciani? Malangizo ena a pa foni ndi opanda pake koma osaopsa. Wakumwa tiyi wa ndimu ndi tangawizi pa cimfine sanalakwire munthu. Ngozi imayamba pamene uthenga ukuti wodwala asiye ma ARV, asiye mankhwala a shuga kapena a BP, asapite ndi mwana ku katemera, kapena asapite ku cipatala cifukwa kumeneko akupha anthu. Uthenga wotere suyenera kutsatidwa kapena kutumizidwa kwa wina munthu asanafunse namwino kapena dotolo maso ndi maso. Wa BP amene wasiya mapiritsi samva kuwawa kuli konse, mpaka tsiku limene adzagwa ndi kufa ziwalo mbali imodzi.

Kukaika kuli ndi zifukwa zake

Pali anthu amene amati sakhulupiriranso za boma, ndipo sayenera kungosekedwa. Mu Januwale 2021 komiti ya nyumba ya malamulo yoona za ndalama za boma inamva kuti makondomu ndi magolovesi amene analephera mayeso a bungwe la Zambia Bureau of Standards anali atagawidwa kale m'zipatala. Amene anamva nkhani imeneyo ali ndi cifukwa cofunsira mafunso. Koma ndi bwino kuona mmene coonadi cinaturukira: panali mayeso, panali aphungu ofunsa poyera, panali atolankhani olemba maina a anthu oyankha mlandu. Dotolo wa pa kapepala alibe womupima, ndipo zinthu zikabvuta amangosintha nambala ya foni.

Kusanthula uthenga sikutanthauza kukana zonse. Wokana zonse ndi wosavuta kunamiza ngati wobvomera zonse, cifukwa amangosamukira kwa aliyense wonena kuti boma likubisa. Citsanzo ndi katemera wakumwa wa kolera. Mu 2018 anthu anauzidwa kuti amwe kawiri, koma mu 2024 anapatsidwa kamodzi, ndipo ena anaona ngati pali cinyengo. Cifukwa cake cinali cakuti katemerayu anacepa pa dziko lonse, kotero kuti mu Okutobala 2022 mabungwe omugawa anagwirizana zopereka kamodzi kuti afikire anthu ambiri. Kumwa kamodzi kumateteza ndithu, koma kwa nthawi yofupikirapo. Amene anafunsa namwino akanamva zimenezi pa mphindi ziwiri.

Nanga ndani aphunzitse?

Mabungwe ena ayambapo. Mu 2021, dziko likupita ku masankho, bungwe la Panos Institute Southern Africa mothandizidwa ndi UNDP linayamba nchito ya iVerify Zambia yofufuza nkhani zofala ndi kulengeza ngati ziri zoona. Bungwe la UNESCO linapatula masiku a 24 mpaka 31 Okutobala caka ciri conse kuti akhale okumbutsa anthu za luso limeneli. Masikuwa amagwa bwino kwa a mu Lusaka, pakuti ndi nthawi imene mvula iri pafupi ndipo zitsime zosaya za m'makomboni zatsala pang'ono kusakanizika ndi zimbudzi. Cobvuta n'cakuti zambiri mwa nchitozi ziri m'Cingerezi ndi zolembedwa, pamene bodza limayenda m'mau ojambulidwa a Cinyanja amene ngakhale agogo osawerenga amamva.

Malo ophunzitsira alipo kale. Pali sikelo ya ana kumene azimai amakhala pa benci m'mawa wonse, pali makomiti a zaumoyo a m'madera amene anayamba m'zaka za m'ma 1990, pali magulu a azimai a ku chalichi, a cilimba, ndi makomiti a misika. Mphindi khumi zoseweretsa uthenga umodzi wofala sabata imeneyo ndi kuufunsa mafunso pamodzi zingaphunzitse kuposa cikwangwani.

M'banja ndi mmene muli pobvuta, cifukwa wotumiza bodza kawiri-kawiri ndi wamkulu, ndipo amatumiza mwa cikondi. Mwana sangauze amalume ake pa gulu la banja kuti akunama. Koma angathe kuwaimbira pambali ndi kufunsa mwaulemu kuti, “Amalume, uthenga uja mwaumva kwa yani? Ndifuna ndikafunse ku kiliniki tisanauze amai kuti asiye mapiritsi.” Akulu ambiri akafunsidwa motero amabvomera okha kuti sadziwa kumene unacokera. Makolo nawonso angathe kucita cimodzi-modzi ndi ana, pofunsa pamene akuonera kanema kuti kodi walipira kulengeza uku ndani, ndipo afuna kuti oonera acite ciani.

Pa za kolera, uthenga umene wapimidwa ndi kupezeka woona sunasinthe kuyambira kale. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe Clorin, amene anayamba kupezeka m'dziko muno mu 1998, motsatira muyeso wolembedwa pa botolo, ndi kudikira mphindi 30 asanamwedwe. M'manja musambidwe ndi sopo pocoka ku cimbudzi ndiponso musanagwire cakudya. Munthu akayamba kutsegula m'mimba madzi okha-okha apatsidwe Madzi a Moyo nthawi yomweyo. Ngati paketi palibe, m'lita imodzi ya madzi aukhondo musungunulidwe timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mcere. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kenaka wodwalayo atengedwe msanga ku kiliniki yapafupi, kaya ndi ku Kabwata, ku Chelstone, ku Chilenje kapena ku Kanyama, ngakhale pakati pa usiku, ndipo apitirize kumwa madziwo pang'ono-pang'ono ali panjira.